“Kuwirikiza kawiri”: chenjezo la mu 1995 ndi mapiritsi olera ku Britain

Pa 18 Okutobala 1995, komiti yomwe inkalangiza boma la Britain pa za kuopsa kwa mankhwala, yotchedwa Committee on Safety of Medicines, idatumiza kalata kwa madokotala ndi akatswiri a zamankhwala pafupifupi 190,000. Kalatayo idati mitundu 7 ya mapiritsi olera, monga Femodene, Marvelon, Mercilon ndi Minulet, inkawirikiza kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha poyerekeza ndi mapiritsi akale. Panthawiyo amayi ndi atsikana pafupifupi 1.5 miliyoni ankamwa mapiritsi amenewa, ndiye kuti pafupifupi theka la onse omwe ankalera ndi mapiritsi m'dzikomo. Kalata yomweyo idalangizanso kuti mayi asasiye mapiritsi ake panjira, koma amalize paketi yomwe wayamba kenaka akaonane ndi dokotala. Amayi ambiri adamva za kuwirikiza kawiri kuja, koma za kumaliza paketi sadazimve. Chaka chotsatira, chiwerengero cha mimba zochotsedwa ku England ndi Wales chidakwera ndi pafupifupi 13,000.

Nkhaniyi imakambidwa kwambiri pakati pa ophunzira zachipatala, komabe ine ndikuona kuti ikutikhudzanso ife ophunzira chiyankhulo. Kalata ija idalibe bodza. Chomwe chidavuta ndi kasankhidwe ka mawu, njira yomwe uthenga udadzera ndiponso zomwe omvera adatolapo zomwe wolemba sadanene. Chimangirizo chino chifotokoza zomwe mapiritsiwa amachita m'thupi, zomwe chenjezolo lidanena ndi zomwe zidatsatira, kenaka chiunika mawu ake.

Mapiritsi ndi kuundana kwa magazi

Mapiritsi omwe tikunena pano ali ndi mahomoni awiri opangidwa m'fakitale omwe amagwira ntchito mofanana ndi mahomoni a m'thupi la mayi. Homoni yoyamba ndi estrogen, yachiwiri ndi progestogen. Ntchito yawo yaikulu ndi kuletsa kuti dzira lisakhwime n'kutuluka, motero mbewu ya abambo ikafika sipeza choti ikumane nacho. Palinso mapiritsi ena okhala ndi progestogen yokha, omwe kawirikawiri amapatsidwa kwa amayi oyamwitsa, ndipo amenewo nkhani ino sikuwakhudza.

Estrogen ikafika m'chiwindi imachititsa kuti thupi lichulutse zinthu zothandiza magazi kuundana, n'kuchepetsako zomwe zimaletsa kuundanako. Kuundana kwa magazi pakokha n'kothandiza, chifukwa ndi komwe kumatseka bala munthu akadzicheka ndi mpeni. Vuto limadza pamene magazi aundana m'kati mwa mtsempha, makamaka wa m'mwendo. Mwendowo umatupa ndi kupweteka. Kachidutswa ka magazi oundanawo kakathothoka kamatha kuyenda mpaka kukatseka mtsempha wa m'mapapo, ndipo munthu amabanika, mwinanso kumwalira. Pa anthu 100 omwe apezeka ndi vutoli, mmodzi kapena awiri ndi omwe amataya moyo. Zinthu zina zomwe zimakweza chiopsezochi ndi kunenepa kwambiri, kukula m'zaka, kugona nthawi yaitali pambuyo pa opaleshoni, chibadwa cha kumtundu, komanso pathupi penipenipo. Mfundo yomalizayi tiisunge chifukwa tibwereranso.

Madokotala amagawa mapiritsiwa m'mibadwo potengera mtundu wa progestogen yomwe ilimo. A m'badwo wachiwiri ali ndi levonorgestrel. A m'badwo wachitatu, omwe adafala m'zaka za m'ma 1980, ali ndi desogestrel kapena gestodene. Atsopanowa adatchuka chifukwa ankati sabweretsa ziphuphu ndiponso sasokoneza kwambiri mafuta a m'magazi, choncho madokotala ambiri ankawaona ngati abwino kuposa akale. Mawu oti “m'badwo wachitatu” pawokha ndi okopa, pakuti tidazolowera kuganiza kuti chatsopano chimaposa chakale. Zomwe zidadziwika pambuyo pake n'zakuti levonorgestrel imachepetsako mphamvu ya estrogen pa kuundana kwa magazi kuposa momwe desogestrel ndi gestodene zimachitira.

Machenjezo a m'mbuyo

Chenjezo la mu 1995 silidali loyamba. Piritsi loyamba lolera, la Enovid, lidavomerezedwa ku America mu 1960, ndipo lidali ndi ma microgram 150 a estrogen, pomwe mapiritsi ambiri a masiku ano ali ndi pakati pa 20 ndi 35. Chaka cha 1961 chisanathe, magazini ya zachipatala ya The Lancet idasindikiza kale nkhani ya mayi yemwe magazi adamuundana m'mapapo akumwa piritsili. Mu Disembala 1969 komiti ya ku Britain idalangiza kuti estrogen isamapitirire ma microgram 50, ndipo nthawi imeneyonso nkhani idayamba kutuluka m'nyuzipepala madokotala ambiri asanalandire makalata awo.

Ku America, buku la mtolankhani Barbara Seaman lotchedwa The Doctors' Case Against the Pill, lomwe lidatuluka mu 1969, lidachititsa phungu wa nyumba ya Senate, Gaylord Nelson, kuitanitsa msonkhano wofufuza za mapiritsiwa mu Januwale 1970. Pamsonkhanowo padaitanidwa akatswiri, koma amayi omwe ankamwa mapiritsiwo sadapatsidwe mpata wopereka umboni. Gulu la amayi, mmodzi mwa iwo Alice Wolfson, lidaimirira n'kuyamba kufunsa mafunso msonkhano uli m'kati. Chimodzi mwa zotsatira zake chidali kapepala kofotokoza kuopsa kwa mankhwala koikidwa m'paketi kuti mayi adziwerengere yekha. Chochititsa chidwi kwa wophunzira chiyankhulo n'chakuti kapepalako kadalembedwa koyamba ndi mawu pafupifupi 600, koma mabungwe a madokotala ndi makampani atadandaula, kadafupikitsidwa kufika pa mawu pafupifupi 100. Apa tikuona kuti mkangano woti mayi auzidwe zochuluka motani, ndiponso m'mawu otani, ndi wakale ngati piritsi lenilenilo. Tikuonanso kuti amayi ndiwo adamenyera ufulu wochenjezedwa. Choncho sitingathetse vuto la mu 1995 ponena kuti kukadakhala bwino amayi akadapanda kuuzidwa.

Manambala a m'kalata ya mu 1995

Komitiyo, yomwe wapampando wake adali Pulofesa Michael Rawlins, idatsamira pa akafukufuku atatu omwe panthawiyo adali asanasindikizidwe. Woyamba adali wa bungwe la World Health Organization, wachiwiri wa gulu la Hershel Jick la ku Boston lomwe lidagwiritsa ntchito kaundula wa odwala wa madokotala a ku Britain, ndipo wachitatu adali wa m'mayiko angapo a ku Ulaya wotsogozedwa ndi Walter Spitzer. Onse atatu adaloza kumodzi. Manambala omwe akuluakulu a zaumoyo ankagwiritsa ntchito masiku amenewo adali otere. Pa amayi 100,000 osamwa mapiritsi ndiponso osayembekezera, pafupifupi 5 ankadwala vutoli pachaka. Pa amayi 100,000 omwa mapiritsi a m'badwo wachiwiri, ankadwala ndi 15. Pa omwa a m'badwo wachitatu, 30. Pa amayi 100,000 oyembekezera, ankadwala ndi 60.

Kuchoka pa 15 kufika pa 30 ndi kuwirikiza kawiri ndithu, ndipo wina akhoza kunenanso kuti chiopsezo chakwera ndi 100 peresenti. Onsewo ndi masamu olondola. Koma katswiri wa maganizo a anthu wa ku Berlin, Gerd Gigerenzer, yemwe walemba zambiri pa nkhaniyi, amakonda kufotokoza manambala omwewa mwanjira ina. Tiyerekeze kuti amayi 7,000 asonkhana pabwalo limodzi ndipo onse amwa mapiritsi akale kwa chaka chathunthu. Mwa iwo, mmodzi ndiye adzadwale. Tikawasinthira onse ku mapiritsi atsopano, adzadwala ndi awiri. Amayi otsala 6,998 sadzaona vutoli. Ziganizo ziwirizi zikunena chinthu chimodzi, koma mayi womva “kuwirikiza kawiri” ndi mayi womva “awiri pa 7,000 m'malo mwa mmodzi” sangachite zofanana usiku umenewo nthawi yomwera piritsi ikakwana.

Chomwe chimabisika m'mawu oti “kawiri” ndi funso loti: kawiri ka chiyani? Munthu yemwe ali ndi nkhuku imodzi akagula ina, ziweto zake zawirikiza kawiri. Mwini khola la nkhuku 500 akafika pa 1,000, nayenso wawirikiza kawiri. Mawuwo ndi amodzi, koma popanda kudziwa poyambira sitingadziwe kukula kwa nkhaniyo. Ndipo poyerekeza mapiritsi atsopano ndi akale okha, uthengawo udasiya kunja kuyerekeza komwe kudali kofunika kwambiri kwa mayi woganiza zosiya. Iye akasiya osapeza njira ina n'kutenga pathupi, sakubwerera pa 15 kapena pa 5, koma akukwera kufika pa 60. Mwanjira ina, mayi wothawa piritsi poopa kuundana kwa magazi ankatha kulowa m'chiopsezo choposa chomwe ankathawacho, osawerengera zina zonse zomwe pathupi posakonzekera pamabweretsa.

Zomwe zidatsatira

Makalata adatumizidwa papositi, koma nkhani idafika kwa atolankhani madokotala ambiri asanatsegule maenvulopu awo, ndipo pa 19 Okutobala idali kale pawailesi ndi pakanema. Madokotala ena adamva za chenjezoli kwa odwala awo omwe ankaimba lamya ali ndi mantha. Sadathe kuwayankha bwino, popeza akafukufuku aja adali asanasindikizidwe ndipo padalibe pomwe dokotala akadawerenga umboni wake. Zotsatira za WHO ndi za gulu la Jick zidatuluka mu The Lancet mu Disembala 1995, ndipo za Spitzer zidatuluka mu British Medical Journal mu Januwale 1996. Miyezi iwiri ndi nthawi yaitali kwa munthu yemwe ayenera kusankha tsiku ndi tsiku kumwa kapena kusamwa.

Ku England ndi Wales lamulo la mu 1967 limalola kuchotsa mimba pa zifukwa zina, ndipo mimba iliyonse yochotsedwa imalembedwa m'kaundula wa boma, n'chifukwa chake manambala ake ndi odalirika. Kuyambira mu 1990 chiwerengerochi chinkatsika chaka ndi chaka. Mu 1995 chidali pafupifupi 154,000, koma mu 1996 chidafika pafupifupi 168,000. Chiwerengero cha mimba zonse, kuphatikizapo zomwe ana ake adabadwa, chidakwera ndi pafupifupi 26,000. Ann Furedi, yemwe adaunika nkhaniyi mu 1999, adaonetsa kuti atsikana achichepere adakhudzidwa kwambiri, kuphatikizapo osakwana zaka 16. Zimenezi sizodabwitsa. Mayi wazaka 35 yemwe ali ndi dokotala womudziwa atha kuimba lamya n'kufunsa. Mtsikana yemwe akumwa mapiritsi makolo ake osadziwa, ndipo wamva pawailesi ali nawo pabalaza, alibe womufunsa. Chapafupi kwa iye n'kungosiya mwakachetechete.

Pamafunika kusamala pano. Si mimba zonse 13,000 zomwe tinganene motsimikiza kuti zidadza chifukwa cha kalata ija, pakuti chiwerengerochi chidapitirira kukwera mu 1997 ndi mu 1998, zomwe zikusonyeza kuti padali zifukwa zinanso. Komabe kukweraku kudayamba m'miyezi yoyambirira ya 1996, nthawi yeniyeni yomwe mimba zotengedwa kumapeto kwa 1995 zikadaonekera, ndipo kudatembenuza kutsika kwa zaka zisanu. Kadyedwe ka mankhwala nakonso kadasintha msanga. Kafukufuku wina adapeza kuti chenjezo lisanadze mapiritsi a m'badwo wachitatu adali 53 peresenti ya mapiritsi omwe amayi ankamwa, koma pambuyo pake adatsika kufika pa 14 peresenti.

Chenjezo ngati mchitidwe wa chiyankhulo

M'buku lake la How to Do Things with Words, lomwe lidatuluka mu 1962, J. L. Austin adafotokoza kuti poyankhula sitimangonena zinthu, timachitanso zinthu. Iye adasiyanitsa mawu omwe anenedwa, mchitidwe womwe woyankhula akuchita ponena mawuwo, monga kulonjeza, kupepesa kapena kuchenjeza, ndi zomwe mawuwo amachititsa mwa womvera. Woyankhula ali ndi mphamvu pa ziwiri zoyambazo, koma chachitatucho sichili m'manja mwake. Komiti ija inkafuna kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuchenjeza ndi kukhazika mitima pansi. Vuto n'lakuti michitidwe iwiriyi imalimbana. Munthu akakuwa kuti “Njoka!” kenaka n'kuwonjezera motsitsa mawu kuti “koma musasunthe”, ambiri amakhala atalumpha kale.

Paul Grice, mu nkhani yake ya mu 1975 yotchedwa Logic and Conversation, akutithandiza kumvetsa chifukwa chake. Iye adati pokambirana timaganiza kuti mnzathu akunena zoona, zokwanira, zogwirizana ndi nkhani ndiponso momveka, ndipo kuchokera pa chikhulupiriro chimenechi timatola matanthauzo omwe sadanenedwe. Mayi wa ku Manchester kapena ku Cardiff adali ndi ufulu woganiza motere: boma silitumiza makalata 190,000 mwadzidzidzi, kapena kuitana atolankhani, pa nkhani yaing'ono. Ngati latero, ndiye kuti ngoziyo ndi yaikulu. Ndipo ngati ngoziyo ndi yaikulu, malangizo oti ndimalize paketi ndi ongonditonthoza. Kaganizidwe kameneka si kaumbuli. N'komwe tonsefe timagwiritsa ntchito tsiku lililonse pomva zomwe mnzathu akutanthauza. Changu chomwe uthengawo udabwera nacho chidayankhula mokweza kuposa ziganizo za m'kalatamo.

Pa mfundo ya Grice yoti uthenga ukhale wokwanira, mawu oti “kawiri” adaperewera monga taonera kale. Koma palinso nkhani ya yemwe kalatayo idalembedwera. Idali kalata yopita kwa madokotala, anthu omwe amayembekezeka kudziwa kuti vutoli ndi losowa pakati pa amayi achichepere. Kwa iwo “kawiri” adali ndi poyambira. Itadutsa m'manja mwa atolankhani, idafika kwa omvera ena omwe poyambirapo sankapadziwa. Mutu wa nkhani m'nyuzipepala umakhala ndi mawu ochepa, ndipo mkonzi akamasankha pakati pa “ngozi yawirikiza kawiri” ndi “30 pa 100,000 m'malo mwa 15”, n'zodziwikiratu chomwe angatenge. Malangizo omaliza paketi, ngati adalembedwa, adali m'munsi mwa nkhani. Ife ophunzira zolembalemba timadziwa kuti chomwe chayikidwa poyamba ndicho chimatsogolera kamvedwe ka zonse zotsatira.

Pali chinanso. Kuundana kwa magazi ndi ngozi yomwe munthu amatha kuiona m'maganizo: mtsikana wathanzi kugwa mwadzidzidzi. Nyuzipepala zimatha kusindikiza chithunzi chake ndi dzina lake. Koma mtsikana yemwe watenga pathupi chifukwa chosiya mapiritsi saoneka patsamba loyamba, ndipo mwina iye mwini safuna kuti aoneke. Amangopezeka m'kaundula patapita chaka.

Kodi komitiyo idalakwa?

N'kosavuta kuweruza komitiyi tili pano, koma tiyeni tione zomwe idali nazo patebulo. Tikatenga amayi 1.5 miliyoni n'kuwerengera odwala 15 owonjezera pa 100,000 aliwonse, tikupeza anthu pafupifupi 225 pachaka, ndipo mwa iwo awiri mpaka asanu akhoza kumwalira. Kwa mayi mmodzi chiopsezocho n'chochepa, koma kwa komiti yoyang'anira dziko lonse amenewa ndi anthu enieni, ndipo mapiritsi ena ogwira ntchito mofanana adalipo kale. Ikadakhala chete mpaka Disembala, nkhani n'kuululika kuti inkadziwa, ikadanenedwa kuti idabisa. M'maganizo anga komitiyo sidalakwe pochenjeza. Idalakwa poganiza kuti kalata yopita kwa anthu 190,000 ingakhale ya madokotala okha, ndiponso posakonzeratu mawu oti mayi wamba awamve.

Akatswiri nawo sadagwirizane. Spitzer mwiniwake adadandaula poyera kuti komitiyo idafulumira kugwiritsa ntchito zotsatira zake. Ena adati kusiyanako kudadza chifukwa madokotala ankapereka mapiritsi atsopano kwa amayi ongoyamba kumene ndi kwa omwe adali kale pachiopsezo, pomwe omwa mapiritsi akale adali amayi omwe matupi awo adawayanja kwa zaka zambiri. Mu 2000 magulu awiri a akatswiri adaunika kaundula mmodzi yemweyo wa odwala a ku Britain, gulu lina n'kupeza kuti kusintha mapiritsi sikudachepetse odwala, linalo n'kupeza kuti kusiyana kwa mibadwo iwiriyi kulipodi. Mu 2001 akatswiri a ku Netherlands adaphatikiza akafukufuku ambiri napeza kuti chiopsezo chimakwera ka 1.7. Adapezanso kuti akafukufuku olipiridwa ndi makampani opanga mapiritsi ankapeza 1.3, pomwe ena onse ankapeza 2.3. Apa wowerenga adzionere yekha.

Mu Epulo 1999 boma la Britain lidafewetsa malangizo ake, n'kunena kuti mapiritsi a m'badwo wachitatu atha kuperekedwa kwa mayi aliyense woyenera malinga wafotokozeredwa za chiopsezocho. Mu Julayi 2002 khoti lalikulu ku London lidagamula mlandu womwe amayi oposa 100 ndi mabanja awo adasumira makampani atatu opanga mapiritsiwa. Mbali zonse zidagwirizana kuti odandaula apambana pokhapokha ataonetsa kuti chiopsezo chidaposa kawiri. Woweruza, Justice Mackay, adagamula kuti umboni sudafike pamenepo, ndipo amayiwo adagonja. Motero liwu lomwe lidaopsa amayi mu 1995 chifukwa chomveka lalikulu ndi lomwelo lomwe lidawagwetsa m'khoti mu 2002.

Zomwe zidachitika ku France

Nkhani yofanana idabuka ku France patapita zaka 17. Mu Disembala 2012 mtsikana wina, Marion Larat, yemwe adadwala sitiroko mu 2006 akumwa piritsi la m'badwo wachitatu la Meliane, adakasuma kukhoti, ndipo nyuzipepala zidailemba kwambiri nkhaniyo. Boma lidasiya kulipirira mapiritsi a m'badwo wachitatu kumapeto kwa Malichi 2013. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Nathalie Bajos adapeza kuti mwa amayi ofunika kulera, omwa mapiritsi adatsika kuchoka pa 50 peresenti mu 2010 kufika pa 41 peresenti mu 2013, ndipo pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu aliwonse adasintha njira. Chiwerengero cha osalera n'komwe sichidakwere. Bungwe loona za mankhwala m'dzikomo lidalengezanso kuti amayi a zaka 15 mpaka 49 ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha magazi oundana m'mapapo adachepa ndi pafupifupi 11 peresenti mu 2013. Chenjezo likhoza kupulumutsa anthu ndithu.

Koma kusinthako sikudali kofanana kwa onse. Amayi ophunzira ndi opeza bwino ambiri adasamukira ku lupu kapena ku mapiritsi a m'badwo wachiwiri. Amayi osauka, ndiponso obadwira m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara omwe amakhala ku France, ambiri adatembenukira ku njira zosadalirika kwenikweni monga kuwerenga masiku ndi kuthira kunja. Uthenga udali umodzi, koma chomwe mayi adachita nawo chidadalira ngati adali ndi dokotala womufotokozera, ndalama zolipirira njira ina, ndiponso chiyankhulo chofunsira mafunso.

Tikati timasulire m'Chichewa

Kuno kwathu mapiritsi si njira yomwe amayi ambiri amatsata. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti pa amayi 100 apabanja, 58 ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolera, ndipo mwa 100 amenewo 30 ankabayitsa jakisoni pomwe awiri okha ndiwo ankamwa mapiritsi. Piritsi lodziwika kwambiri m'zipatala zathu, la Microgynon, lili ndi levonorgestrel, kotero ndi la m'badwo wachiwiri uja. Chomwe chikutikhudza kwambiri pa nkhani ya ku Britain ndi mawu, chifukwa machenjezo a mankhwala amatipeza m'Chingerezi ndipo wina ayenera kuwamasulira, kaya ndi namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena muulutsi wa pawailesi.

Ndayesa kumasulira chiganizo chachikulu cha kalata ija ndipo ndapunthwa pa liwu limodzi. Liwu la Chingerezi loti risk, momwe akatswiri amaligwiritsira ntchito, ndi la masamu. Limangonena kuti pa anthu akutiakuti, angati adzadwale, ndipo likhoza kukhala laling'ono zedi. Ife timati “chiopsezo”, monga ndachitira m'chimangirizo chonsechi, koma liwuli likuchokera ku mneni “opseza”, choncho mantha alimo kale tisanatchule nambala iliyonse. “Chiopsezo chochepa” chimamvekabe ngati chinthu choti uthawe. Tikati “ngozi”, ndiye ngati chinthucho chachitika kale. Tikati “mwayi wodwala”, womvera atha kuseka, pakuti mwayi ndi wa zabwino. “Kuthekera” kuli pafupi, koma kumanena zoti chinthu chingachitike, osati kangati. Mwina njira yabwino m'Chichewa ndi kulisiya liwulo n'kuwerenga anthu, monga adachitira Gigerenzer: pa amayi akuti, omwe amadwala ndi akuti.

Ndi momwenso bungwe la European Medicines Agency lidachitira litaunikanso mapiritsi onsewa mu 2013 kutsatira mkangano wa ku France. Lidati pa amayi 10,000 osamwa mapiritsi ndiponso osayembekezera, pafupifupi awiri amadwala vutoli pachaka. Pa omwa mapiritsi a levonorgestrel amadwala ndi 5 mpaka 7, ndipo pa omwa a desogestrel, gestodene kapena drospirenone amadwala ndi 9 mpaka 12. Manambalawa ndi okwera kuposa a mu 1995, mwa zina chifukwa zipangizo zopimira zidapita patsogolo ndipo odwala ambiri akupezeka, koma kusiyana kwa mibadwo kuja kudatsimikizika. Bungwelo lidati ubwino wa mapiritsiwa ukuposabe kuopsa kwake, ndipo lidalamula kuti manambalawa alembedwe pa timapepala ta m'mapaketi pamodzi ndi zizindikiro zoti mayi athamangire nazo kuchipatala, monga kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi, kubanika mwadzidzidzi ndi kupweteka pachifuwa.

Timapepala tomweto timanenanso mfundo ina yomwe amayi a mu 1995 sadauzidwe. Chiopsezo cha kuundana kwa magazi chimakhala chokwera kwambiri m'chaka choyamba chomwa mapiritsi, kenaka chimatsikako. Mayi akasiya kwa masabata anayi kapena kuposerapo n'kudzayambiranso, thupi limayamba ngati kuti ndi koyamba. Choncho mayi yemwe adamwa mapiritsi kwa zaka zisanu popanda vuto, n'kusiya mu Okutobala 1995 chifukwa cha mantha, n'kudzayambiranso mu Januwale mtima utakhala pansi, adabwerera m'nyengo yoopsa ija yomwe adali atadutsa kale.